Zaka 48, msambo ukuzemba, mimba ikungokula: amene munadutsamo munatani?

NaBanda_Chilomoni
Amayi anzanga, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa mtendere. Ndili ndi zaka 48. Chaka chathachi msambo wayamba kundizemba: mwezi wina ubwera, kenako miyezi iwiri zii, ukadzabwera umabwera wochuluka moti ndimaopa kukhala pampando wa eni. Usiku ndimadzidzimuka thukuta lili kamukamu ngati ndagona pafupi ndi mbaula. Zimenezo ndikanapirira. Chomwe chandiwawa ndi thupi. Loweruka ndinatenga siketi yanga ya Mvano yomwe ndinasoketsa mu 2021, zipi inakana kufika pamwamba. Ndinapita kumsonkhano nditamanga ndi pini, mtima uli phaphapha kuti wina aona. Pasikelo ndapeza makilogalamu 79, pomwe zaka zitatu zapitazo ndinali 70. Manja ndi miyendo zili momwe zinalili, zonse zathawira pamimba. Kadyedwe sindinasinthe: tiyi m'mawa, nsima masana, nsima madzulo, monga ndakhala ndikudyera moyo wanga wonse. Kodi ndi kusiya kusamba kumeneku, kapena ndikudwala? Amene munadutsamo, munatani?

Mayi_wa_Area25
Achemwali, mwalemba ngati munali m'chipinda mwanga. Ine 50. Madiresi onse a ukwati wa ana ali m'sutikesi. Ndinasiya ngakhale kudya madzulo kwa mwezi wathunthu, sikelo osasuntha, ndinangopezapo chizungulire. Ndikhala pompano ndimve mayankho.

Chikondi_Kawale
Koma amayi, kunenepa kwakhala vuto liti? Kwathu mzimayi akadzadza chitenje timati akusamalidwa bwino. Mulungu wakupatsani thupi, thokozani. Soketsani siketi ina basi.

NaBanda_Chilomoni
Chikondi, siketi ndisoketsa, si nkhani. Koma ndikakwera chitunda chopita kwathu ndikupuma wefuwefu, mawondo akundiwawa. Mayi anga anamwalira ndi sitiroko ali ndi zaka 61. Ndicho chifukwa chake ndili ndi mantha.

Namwino_Zomba
ANaBanda, mwachita bwino kufunsa, ndipo mwachita bwino kutchula za mayi anu. Ndine namwino, inenso ndili ndi zaka 53, ndiye ndiyankha mbali zonse ziwiri.

Timati munthu wasiya kusamba akatha miyezi 12 yotsatizana osaona msambo. Kwa amayi ambiri zimachitika pakati pa zaka 45 ndi 55. Koma zaka zingapo nthawiyo isanafike thupi limakhala layamba kale kusintha, ndipo ndi momwe mulimu: msambo wozembazemba, kutentha kobwera mwadzidzidzi, thukuta usiku, tulo tosowa.

Pa za thupi pali zinthu ziwiri zomwe zimakumana nthawi imodzi. Choyamba ndi msinkhu. Tikamakula minofu imachepa, ndipo minofu ndiyo imatentha chakudya ngakhale tili chikhalire. Ndiye mbale yomwe ija munkadya muli ndi zaka 35, lero thupi silikuimaliza, chotsalacho likusunga. Chachiwiri ndi homoni ya amayi yotchedwa estrogen. Ikamatsika, mafuta omwe ankakhala m'chiuno ndi m'ntchafu amasamukira pamimba. N'chifukwa chake mukuona manja ali chimodzimodzi koma zipi ikukana. Ku America kuli kafukufuku wotchedwa SWAN yemwe wakhala akutsatira amayi oposa 3,000 kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo anaona zomwezi: panthawi imeneyi mafuta amachuluka mofulumira pomwe minofu ikuchepa.

Mafuta a pamimba ndi omwe timada nawo nkhawa, chifukwa ena amakhala mkati mozungulira chiwindi ndi matumbo, ndipo amayenda limodzi ndi BP, shuga ndi matenda a mtima. Tengani tepi ya telala, muyeze chapamchombo mutatulutsa mpweya, osakoka mimba. Kwa mzimayi, kupitirira masentimita 80 ndi chenjezo, kupitirira 88 chiopsezo ndi chachikulu. Njira ina yosavuta: muyezo wa pamchombowo usapitirire theka la kutalika kwanu.

Koma ndinene ichi. Amayi a msinkhu wathu amawonjezera theka la kilogalamu kapena kupitirirako pang'ono pachaka. Inu mwawonjezera 9 m'zaka zitatu, ndiye tisangoti ndi kusiya kusamba n'kukhala pansi. Pitani mukayezetse BP ndi shuga. Funsaninso za chithokomiro, chifukwa chikafooka munthu amanenepa, amatopa, amamva kuzizira, ndipo msambo umasokonekeranso. Ndiponso msambo wochuluka pamodzi ndi mimba yokula zitha kukhala zotupa za m'chiberekero zija amati ma fibroid, zomwe ndi zofala kwambiri kwa ife amayi akuda. Akakuunikeni.

Mphunzitsi_Dedza
Anamwino anena bwino koma azungulira. Mdani ndi nsima. Ine ndinaisiya mu Januwale, ndatsika makilogalamu 4. Mitanda itatu masana, itatu usiku, ndiwo kangachepe pambali, kenako kukagona. Thupi lingatani?

NaPhiri_Ntcheu
Ayi aphunzitsi, nsima musainamizire. Agogo anga ankadya nsima kawiri patsiku mpaka zaka 80 ndipo mimba inali yosalala ngati ya mtsikana. Koma onani tsiku lawo. Kudzuka mbandakucha kupita kumunda, pobwera mtolo wa nkhuni pamutu, kusinja pamtondo, kutunga madzi kudambo. Nsima yake inali ya mgaiwa, ndiwo zake chisoso, bonongwe, nkhwani wotendera, nyemba, mafuta ophikira mwa apo ndi apo. Ife tinatenga nsima ija n'kuiyeretsa, pamtondo tinaika chigayo, pa ndowa tinaika mpopi, paulendo tinaika kabaza, ndiwo zonse tikukazinga m'mafuta mpaka kuyandama. Nsima yalakwanji pamenepa?

Mphunzitsi_Dedza
Ndiye mukuti tibwerere kukasinja?

NaPhiri_Ntcheu
Ndikuti mukasiya nsima mudzaifuna, ndipo tsiku lobwerera mudzadya mitanda isanu. Ine ndinachepetsa: mtanda umodzi ndi theka wa mgaiwa, masamba theka la mbale, nyemba kapena usipa wokwanira. Chaka chachitatu tsopano ndikutero ndipo sindikuvutika. Inu mubwere mu Disembala mudzatiuze ngati mudakali osadya.

Mphunzitsi_Dedza
Ndidzabwera. Koma pa masamba theka la mbale tikugwirizana.

AuntieWaLeeds
Moni amayi, ndikulemba ndili pa break. Kuno ku UK ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti ausiku. Ine zinandiyamba ndili ndi zaka 46. Kutentha kumandigwira ngakhale kunja kukugwa chisanu, ndikafika kunyumba m'mawa tulo osabwera, ndiye ndimangopezeka ndatsegula filiji. Buledi, mabisiketi, tiyi wa shuga kanayi usiku umodzi. M'zaka ziwiri ndinakwera masaizi awiri. Dokotala wanga anandiyambitsa HRT, mankhwala obwezeretsa mahomoni. Ine ndimamata kachigamba pantchafu kawiri pasabata ndi kumwa mapiritsi ena usiku oteteza chiberekero. Ndinkaopa kuti andinenepetsa, koma anandifotokozera kuti palibe umboni woti HRT imanenepetsa, komanso si mankhwala oondetsa. Chomwe inandichitira ine ndi tulo. Nditayamba kugona, njala ya usiku ija inachepa, mphamvu yoyenda inabwerera. Thupi linatsika pang'onopang'ono, makilogalamu 5 m'chaka chimodzi ndi theka. Mimba sinathe yonse, ndisakunamizeni. Koma aNaBanda, yang'anirani tulo. Munthu wosagona amalakalaka zotsekemera, zimenezo ndinaziona ndi thupi langa.

Mayi_wa_Area25
Auntie, zabwino zimenezo, koma ife kuno tiipeza kuti? Ine nditadandaula za thukuta kuchipatala anangondiuza kuti ndi ukalamba mayi, pitani mukapume. Ndinabwerako ndi panado.

Namwino_Zomba
Zimandipweteka kumva zimenezo, chifukwa ndi zoona kuti ambiri mwa ife azaumoyo tinaphunzira kwambiri za mimba ndi kubereka, za msinkhu uno pang'ono chabe. Mukakhala ndi mwayi woonana ndi dokotala wa matenda a amayi, funsani za HRT mosachita manyazi. Koma chonde musatumize m'bale kuti akubweretsereni kuchokera ku Joni kapena ku UK n'kumangomwa. Amene ali ndi chiberekero sayenera kulandira estrogen yokha, amafunika ndi homoni inzake yoteteza chiberekero, apo ayi akhoza kuitana khansa. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere, kapena magazi anaundanapo m'mitsempha, nkhani yake ndi ina. Ndipo ngati msambo ukuchuluka mosadziwika chifukwa, monga aNaBanda, choyamba n'kupeza chomwe chikuchititsa.

Dzina_Ndabisa
Ndilankhule zomwe ena akuopa kunena. Ine ndimamwa ma ARV kuyambira 2009. Mu 2019 anatisinthira ku mankhwala atsopano aja a piritsi limodzi okhala ndi dolutegravir. Kunena zoona ndi abwino, maloto oipa ndi chizungulire za akale aja zinatha, tizilombo sitikuonekanso m'magazi. Koma kuyambira pamenepo thupi linayamba kukwera, ndipo nthawi yomweyo ndi yomwe msambo unayamba kusokonekera. Tsopano ndili ndi zaka 51, ndawonjezera makilogalamu 12. Sindidziwa choloza chala, mankhwala kapena msinkhu. Pena zimandibwerera zoti ndidumphitseko masiku ena osamwa ndione ngati nditsike.

Namwino_Zomba
Mchemwali wanga, musadumphitse ngakhale tsiku limodzi, ndikukupemphani. Zomwe mwaonazo si maloto. Kafukufuku wa ADVANCE yemwe anachitikira ku Johannesburg anaonetsa kuti anthu ena amanenepa pa dolutegravir, makamaka amayi. Ndiye kwa inu mwina zonse ziwiri zakumana. Koma mukadumphitsa, tizilombo timadzuka ndi kuzolowera mankhwala, ndipo mutaya chinthu chomwe mwachisunga kuyambira 2009. Tsiku lokatenga mankhwala auzeni kuti akuyezeni sikelo, BP ndi shuga, alembe m'buku lanu, aone momwe mzerewo ukukwerera. Nkhani yosintha kapena kusasintha mankhwala ikambidwe kumeneko.

Dzina_Ndabisa
Ndamva anamwino. Sindidumphitsa. Chinanso chomwe chimandimanga ndi ichi: ndikangotsika pang'ono, apabanja amayamba kuyang'anana. Ine ndinaondapo mpaka kutsala mafupa mu 2008, anthu anabwera kudzandiona ngati akutsanzikana nane. Kwa iwo thupi ili ndi umboni woti ndili moyo. Ndingawauze bwanji kuti ndikufuna kuchepetsa?

Chikondi_Kawale
Izi ndi zomwe ndimatanthauza poyamba paja, kungoti sindinazinene bwino. Ife amene tinaika abale m'zaka za m'ma 1990 kuonda timakuopa. Mzimayi akatsika thupi kumpanda kumayamba manong'onong'o. Pepani aNaBanda ngati ndinaoneka ngati ndikupeputsa.

NaBanda_Chilomoni
Palibe kanthu Chikondi, ndakumvetsani tsopano. A Dzina_Ndabisa, mwina muwauze kuti ndi adokotala anena chifukwa cha BP. Anthu akamva BP amakhala chete, ena amayamba kukuthandizani kuchepetsa mchere.

SlimQueen265
Amayi musavutike, ndili ndi tiyi wochotsa mimba m'masiku 14, wachilengedwe, wopanda vuto lililonse. Inbox.

NaPhiri_Ntcheu
Tachokani apa. Anthu akukamba za moyo wawo inu mukuona msika.

Mayi_Mzuzu
Ndikuchenjezeni ine amene ndinagulapo, osati kwa awa koma kwa wina. Masiku atatu oyamba ndinakhalira kuchimbudzi. Sikelo inatsikadi makilogalamu awiri, ndinasangalala, osadziwa kuti ndi madzi okha atuluka. Tsiku lachisanu ndinagwa kubafa, miyendo itakokana, mtima ukugunda mwachilendo. Ine ndimamwa mankhwala a BP aja okodzetsa, ndiye madzi amatuluka mbali ziwiri. Anandiika diripi. Patatha sabata makilogalamu aja anabwerera onse. Matiyi ambiri oterewa ndi mankhwala otsegula m'mimba basi, mafuta sawakhudza n'komwe.

Admin_Gulu
SlimQueen265 tamuchotsa. Malonda a mankhwala pano ayi.

Mayi_wa_Area25
Pa za kusoketsa zija, kodi matelala akwera bwanji chonchi? Kukulitsa siketi kokha mtengo wake ngati ndikusoka yatsopano.

Telala_Limbe
Ulusi, zipi, lendi, magetsi akazima ndiye makina amagetsi aima, tikwezenso bwanji osakweza? Koma ndikuuzeni chinsinsi. Posoketsa muziuza telala asiye nsalu yokwanira mkati mwa msoko, masentimita atatu mbali iliyonse, ndipo kumbuyo kwa lamba aike lasitiki. Amayi a zaka za m'ma 40 ndi 50 ndimawasokera choncho osawafunsa, chifukwa ndawayeza ambiri ndipo ndimaona: m'chiuno muli pomwepo, pamimba pakwera. Ena amalira ndikawauza nambala. Ndimawauza kuti si inu nokha, sabata ino ndinu wachitatu.

Mphunzitsi_Dedza
Atelala, nsalu yakuda yosachucha ya Chigwirizano ikupezeka kuti masiku ano? Yomwe ndinagula yafiira pachaka chimodzi.

Telala_Limbe
Bwerani ku inbox aphunzitsi tisasokoneze nkhani ya aNaBanda. Koma muziichapa mopindula ndi kuyanika pamthunzi.

Mayi_wa_Mchinji
Ndili ndi funso lochititsa manyazi koma ndifunsa. Apongozi anga ataona mimba yanga anandiitanira kuseri n'kundiuza kuti ndasiya kusamba koma ndikupitiriza kugona ndi mwana wawo, n'chifukwa chake mimba ikutupa. Akuti msambo ndi umene unkatsuka za abambo, tsopano zikungounjikana mkati, ndipo ndikapanda kusiya ndidzadwala. Miyezi inayi tsopano ndikuwakana abambo a kunyumba, m'nyumba mulibe mtendere, iwo akuganiza kuti ndili ndi wina. Mimba nayo sinaphwe. Kodi zimenezi n'zoona?

Gogo_wa_Nkhoma
Mwana wanga, ine ndili ndi zaka 69, andilembera ndi mdzukulu wanga. Mawu amenewo ifenso tinauzidwa, ndipo ine ndinawakhulupirira. Ndinasamuka pamphasa ndili ndi zaka 50. Mimba inakulabe. Mkulu wanga amuna ake anamwalira iye asanasiye n'komwe kusamba, koma itafika nthawi yake mimba inatuluka kuposa yanga. Ndiye zinaunjikana za ndani? Pamene ndinazindikira, zaka zinali zitapita ndipo ine ndi agogo anu aamuna tinali titazolowera kukhala ngati alendo. Apongozi anu sakukufunirani zoipa, akunena zomwe anauzidwa. Alemekezeni, koma bwererani kuchipinda kwanu.

Namwino_Zomba
Agogo, zikomo, mwanena zomwe ine sindikanatha kuzinena bwino chotero. Amayi a ku Mchinji, palibe chomwe chimaunjikana. Zambiri zimatuluka zokha, zotsalazo thupi limazisungunula m'masiku ochepa, msambo ulipo kapena palibe. Chomwe chimachitikadi pamsinkhu uno ndi kuuma kwa njira ya amayi, ndiye ena amamva kuwawa pogonana. Pali mafuta ake opaka ogulitsidwa ku pharmacy, osati mafuta odzola wamba. Zina ziwiri mugwire. Msambo ukamazemba mimba ikhoza kubwerabe: amene wasiya asanafike zaka 50 apitirize kulera zaka ziwiri kuchokera pa msambo womaliza, amene wapitirira 50 chaka chimodzi. Ndipo ngati mwatha chaka chonse osasamba kenako mwaona magazi, ngakhale kadontho, ngakhale pambuyo pogonana, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko omwe khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse.

Mayi_wa_Mchinji
Agogo mwandiliza. Ndikambirana nawo abambo usiku uno, ndiwauze chomwe chinachitika. Sindinawauzepo kuti anali mawu a mayi awo.

Mayi_Mzuzu
Abambo enanso ndi amene amatipweteka. Anga anandiuza pamaso pa ana kuti ndafanana ndi thumba la chimanga. Ndinaseka nawo koma usiku ndinalira. Iwo mimba yawo inatsogola kalekale, palibe amene amaitchula.

NaPhiri_Ntcheu
Muwauze kuti zinakuwawani, osaseka nawo. Mukaseka amayesa mwavomereza. Ndipo mbale yochepetsedwayo ikhale ya nyumba yonse, chifukwa BP sisankha kuti uyu ndi bambo.

MlongoWaKuJoni
Ine ndikambe za minofu, poti anamwino anaitchula koma tonse tathamangira ku nsima. Ndimagwira ntchito m'nyumba ya azungu ku Randburg, ndili ndi zaka 55. Abwana anga aakazi ndi a msinkhu wanga, amapita ku gym kukanyamula zitsulo. Ndinkaona ngati ndi za anyamata mpaka anandifotokozera kuti dokotala wawo anawauza kuti pamsinkhu uno kuyenda kokha sikukwana, minofu ndi mafupa zimafuna kulemedwa. Ine ndalama ya gym ndilibe. Ndinatenga zigubu ziwiri za malita 5, kudzaza madzi, chilichonse chimalemera makilogalamu 5. Lolemba ndi Lachinayi m'mawa ndimachita izi kuchipinda kwanga: kukhala pampando ndi kudzuka osagwira kanthu ka 12, kupuma, kubwereza katatu. Kukankha khoma ndi manja ka 12, katatu. Kunyamula zigubu kuyenda nazo uku ndi uku mpaka manja atatopa. Kukwera ndi kutsika sitepe imodzi. Mphindi 20 zatha. Miyezi itatu yoyamba sikelo sinasunthe ngakhale pang'ono, ndinatsala pang'ono kusiya. Koma siketi inayamba kumasuka. Pa miyezi isanu ndi itatu muyezo wa pamimba unachoka pa 96 kufika pa 89, sikelo itangotsika makilogalamu awiri okha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amayi. Sikelo ndinaibweza kubafa kwa abwana, ine ndimayendera tepi, kamodzi pamwezi.

Mayi_wa_Area25
Nanga ife a mawondo? Ndikati ndikhale pansi ndidzuke, bondo lakumanzere limalira ngati chitseko.

MlongoWaKuJoni
Yambani ndi mpando wautali kapena m'mphepete mwa bedi, musatsike kwambiri, kasanu kokha. Kulira kopanda ululu si vuto. Likamatupa kapena kubaya, siyani mukaonetse. Anga ankawawanso, ntchafu zitalimba ululu unachepa.

Namwino_Zomba
Mlongo wanena zoona. WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, imalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pasabata zoyenda mwandawala kapena ntchito yotulutsa thukuta, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Kulima, kuchapa pamanja, kukolopa, zonsezo zimawerengedwa. Koma minofu imafunanso chomangira, ndipo apa ndi pomwe mbale zathu zimaperewera: nsima phiri, ndiwo zongonyowetsera. Nyemba, nandolo, khobwe, soya, mazira, nsinjiro, usipa, matemba, bonya. Tinsomba tating'onoti timadya ndi minga yomwe, ndiye timapatsanso calcium ya mafupa, omwe amayamba kufooka estrogen ikatsika. Kungoti touma tina timakhala ndi mchere wambiri, tiviikeni kaye. Amayi a ku Area 25, kusadya madzulo mwezi wathunthu kuja mwina munataya minofu m'malo mwa mafuta, n'chifukwa chake sindikulimbikitsa kudzimana kotero.

Ndipo yang'anani zomwe mumamwa. WHO imati shuga wothira asapitirire supuni zazing'ono pafupifupi 12 patsiku, ndipo ndi bwino kwambiri akakhala 6. Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi la 300 ml limatha kukhala ndi supuni 8. Onjezani tiyi, thobwa wothira shuga, sikwashi wa alendo.

AuntieWaLeeds
Kuno anthu ali kalikiliki ndi majakisoni oondetsa aja, Wegovy ndi Mounjaro. Mnzanga wina anatsika kwambiri, koma ndalama zitamuthera n'kusiya, thupi linayamba kubwerera. Amagwiradi ntchito, koma ndi a dokotala, ndipo abodza achuluka pa intaneti. Ndangoti ndinene poti ena andifunsa ku inbox kuti ndiwatumizire. Sinditumiza, pepani.

Mphunzitsi_Dedza
Vuto lina ndi maliro ndi maukwati. Mwezi uno ndapita ku zinkhoswe ziwiri, ukwati umodzi, bridal shower. Paliponse mpunga, chips, nkhuku yokazinga, botolo m'manja. Ukakana amati ukunyada.

NaPhiri_Ntcheu
Landirani mbale, idyani nkhuku ndi kabichi, mpunga pang'ono. Botolo ikani m'chikwama mukapatse ana. Palibe amene amakwiya ndi munthu wotengera ana.

NaBanda_Chilomoni
Amayi, ndabwera kudzapereka lipoti, patha masabata atatu. Ndinapita kuchipatala monga ananenera anamwino. BP inapezeka 152/96, ndinabwereranso kawiri masiku osiyana ili chomwecho, ndiye andiyambitsa mankhwala. Sindinkamva kalikonse, mutu osawawa n'komwe. Shuga ali bwino. Magazi ndi ochepa chifukwa cha msambo wochuluka uja, andipatsa mapiritsi a ayironi, ndipo akuti mwina n'chifukwa china chomwe ndimapumira wefuwefu pachitunda. Sikani ya chiberekero andilembera ya pa 14 mwezi wamawa, za chithokomiro anditumiza kuchipatala chachikulu. Tepi inati 94, ine kutalika kwanga ndi 158, ndiye theka lake ndi 79. Ndili kutali.

Koma pali chomwe ndinakunamizani osadziwa. Ndinati palibe chomwe ndinasintha. NaPhiri atatchula kabaza ndinakhala pansi n'kuwerenga. Mpaka 2022 ndinkayenda wapansi kupita kuntchito, mphindi 35 kupita, 35 kubwera. Mawondo atayamba ndi kutopa kwa kusagona, ndinayamba kukwera njinga yamoto, tsiku lililonse mpaka lero. Komanso chifukwa chogona mochedwa ndi thukuta, pa 10 koloko ndimakhala nditafooka, ndiye ndimagula mandasi awiri ndi tiyi wa supuni zitatu. Makapu anayi patsiku, supuni 12 za tiyi yekha. Zimenezi sindinkaziwerenga ngati chakudya.

Pano ndikubwerera wapansi madzulo, m'mawa ndikukwerabe. Shuga ndafika pa supuni imodzi ndi theka, mandasi ndasinthanitsa ndi mtedza kapena dzira lowiritsa. Zigubu ndayamba ndi za malita awiri. Sikelo sinasunthe. Siketi ndapititsa kwa telala.

Namwino_Zomba
BP imeneyo ndi yomwe inali yofunika kuipeza, makamaka ndi mbiri ya mayi anu. Mankhwalawo musasiye mukayamba kumva bwino, ndipo mchere wonse wa tsiku usapitirire supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wa mu timakyubu tokometsera ndiwo. Mapiritsi a ayironi musamwere tiyi, amalepheretsa kulowa bwino m'thupi. Mukachoka ku sikani mudzatiuze.

Gogo_wa_Nkhoma
Mwana wanga, usiku uzigona ndi chitenje cha thonje chopepuka ndi madzi akumwa pafupi. Bulangete likhale la abambo okha. Zinandithandiza ine.

Mayi_wa_Mchinji
Ine ndinakamba nawo abambo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati bwanji sunandiuze. Loweruka tikupita limodzi kukayezetsa BP, iwonso sanayezetsepo.

Chikondi_Kawale
Ndagula tepi. 91. Mawa ndikupita kukayezetsa inenso.

Mayi_Chirimba
ANaBanda, ine ndimakhala kufupi nanu ndipo ndimaopa kuyenda ndekha kukada. Mumaweruka nthawi yanji? Ngati n'kotheka tizikumana pamsika wa Chilomoni tiziyendera limodzi, Lachiwiri ndi Lachisanu poyamba.

NaBanda_Chilomoni
Ndimafika pamsika cha m'ma 5 koloko. Lachiwiri ndidzakhala nditavala chitenje chobiriwira, ndidzaima pomwe amagulitsa tomato. Mubwere ndi nsapato zafulati, njira ya kumtunda ili ndi miyala.